Wogula Ng'anjo ya Atomu Agulanso Cibale

Kuyambira pamene cilala ca 2024 cinacepetsa madzi a ku Kariba, mau akuti nyukiliya akhala akumveka kawirikawiri pa wailesi ndi m'makambirano a anthu ophunzira. Ena akuti maiko olemera sadera nkhawa za mvula cifukwa magetsi ao amacokera ku mphamvu ya atomu, ndi kuti nafenso tiyenera kulondola njira yomweyo. Ine ndakhala ndikutsatira nkhani imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo ndifuna kukambirana nanu, awerengi a kumudzi, mbali yake imodzi imene sichulidwa kwenikweni. Dziko likagula sitesheni ya magetsi a atomu limalowa m'cibale ndi dziko logulitsalo, ndipo cibaleco cimakhalapobe anthu onse amene anasaina mapepala atagona kale kumanda. Ogulitsawo amazidziwa bwino zimenezi. Ndico cifukwa cake malonda amenewa amakambidwa ndi mapulezidenti ndi nduna zoona za maiko akunja.

Poyamba ticione cinthu cenicenico. Sitesheni ya atomu ndi mphika waukulu wowiritsira madzi. Nthunzi yake imazungulitsa makina, makinawo napanga magetsi, monga momwe madzi a mtsinje amazungulitsira makina a ku Kafue Gorge. Kusiyana kuli pa moto. Ku Maamba moto wake ndi wa malasha, koma m'ng'anjo ya atomu kutentha kumacokera ku mtapo wochedwa yureniyamu, pamene tizigawo take tosaoneka ndi maso, tochedwa maatomu, tikusweka. Utsi palibe, ndipo kamtanda ka yureniyamu kolingana ndi nsonga ya cala kamatentha ngati tani yathunthu ya malasha.

Yureniyamu wongocoka mumgodi sayaka m'ng'anjo zambiri. Pa maatomu 1,000 alionse, 7 okha ndiwo a mtundu woyaka. Motero ayenera kuyengedwa kufikira oyakawo atakwana 3 mpaka 5 pa 100, ndipo akatero asanduka nkhuni za ng'anjoyo. Tsono makina omwewo, akapitiriza kuyenga mpaka pafupifupi 90 pa 100, amatulutsa cipangizo ca bomba. Amene anaonapo kacasu akuphikidwa (sindikuti ndi nchito yotamandika) adziwa kuti mphika ndi mpope zotulutsa wofooka ndi zomwezonso zotulutsa woopsa. Mwini angobwereza kuphika. Ndale zonse za nkhaniyi zagona pamenepa. Maiko oyenga yureniyamu wamalonda ndi owerengeka: Russia, China, France, ndi kampani ya Urenco ya Britain, Germany ndi Netherlands. Russia yekha ali ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 a mphamvu yonse yoyengera pa dziko lapansi.

Mbiri yake inayambira pafupi ndi kwathu kuposa mmene ambiri timaganizira. Ku Katanga, dera loyandikana ndi migodi yathu ya mkuwa, kunali mgodi wa Shinkolobwe, umene mtapo wake unali wolemera kopambana wina uliwonse wodziwika pa nthawiyo. Yureniyamu wambiri amene America anagwiritsa nchito popanga mabomba ake oyamba anacokera kumeneko. Bomba linagwa pa mzinda wa Hiroshima pa 6 August 1945, ndipo anthu a ku Congo amene anakumba mtapowo sanauzidwe cimene anali kukumba.

Patapita zaka zisanu ndi zitatu, pa 8 December 1953, Pulezidenti Eisenhower wa America anaima pamaso pa bungwe la United Nations nalonjeza kugawana ndi maiko ena nzeru za atomu zothandiza pa mtendere. Soviet Union inayatsa sitesheni yake yaing'ono ku Obninsk m'caka ca 1954, Britain anatsegula ya Calder Hall mu 1956, ndipo mu 1957 kunakhazikitsidwa bungwe la IAEA ku Vienna, loti lidziyendera ng'anjo za maiko kuona kuti yureniyamu sakupatutsidwira ku mabomba. Pambuyo pake mphatso zinayamba kuyenda. Ng'anjo zazing'ono zofufuzira nzeru zocokera ku America zinafika ku Leopoldville mu 1959, ku South Africa ndi ku Pakistan mu 1965, ndi ku Iran mu 1967. Nawonso a Soviet anapatsa abwenzi ao. Mukayang'ana maina a olandira mudzaona kuti mphatsozi zinalondola mzere wa ndale za nthawiyo, pakuti mphunzitsi, buku ndi nkhuni zonse zinali kucokera kwa wopatsayo, ndipo wolandira anali kubwererako caka ndi caka.

Mphatso zina zinabala zimene eni ake sanayembekeze. Mu May 1974 India anaphulitsa bomba lake loyamba ku Pokhran, ndipo cipangizo cake cinacokera m'ng'anjo imene Canada anapereka kuti ikhale ya mtendere. Maiko ogulitsa anadzidzimuka, nakumana ku London, napangana malamulo okhwima a zimene angagulitse ndi kwa yani. Lisanafike tsikulo panali kale pangano loletsa kufalikira kwa zida za nyukiliya, losainidwa mu 1968 ndi kuyamba kugwira nchito mu 1970. Panganolo linalola maiko asanu kusunga mabomba ao, ena onse nkulumbira kuti sadzapanga. Sindikhulupirira kuti ambiri a inu munamvapo kuti pamene nkhaniyi inavoteredwa ku United Nations mu June 1968, maiko anai okha ndiwo anakana: Albania, Cuba, Tanzania ndi Zambia. Boma la a Kaunda linaona panganolo ngati lamulo lopangidwa ndi a mfuti loletsa anzao kusula mfuti. Zambia analowa m'panganolo mu 1991, caka comwe South Africa analowa.

Ife a mu Zambia sitifunika kuphunzitsidwa kuti magetsi ndi ndale. Pamene Ian Smith anagalukira Britain mu November 1965, ine ndinali mnyamata wa sukulu, koma ndikumbukira nkhawa imene inali pa nkhope za akulu. Makina onse a Kariba anali kutsidya la kummwera, m'manja mwa Smith, ndipo migodi yathu inali kudalira magetsi amenewo pamodzi ndi malasha a ku Wankie. A Kaunda anapempha Britain kuti atumize asilikali kukalonda Kariba. Britain anatumiza ndeke zankhondo, koma kuoloka Zambezi anakana. Petulo anali kugulidwa ndi makuponi. Kuti timasuke tinamanga mpope wa mafuta wa TAZAMA mu 1968, sitesheni ya Kafue Gorge imene kampani ya ku Yugoslavia inamanga niyamba kupereka magetsi mu 1971, ndi makina athuathu kutsidya lino la Kariba mu 1976. Zinatitengera zaka zoposa khumi ndi ndalama zosaneneka kucotsa dzanja la mnansi pa swichi yathu. Nkhani ya nyukiliya ndimaiyeza ndi muyeso umenewo.

Pa zaka zomwezo atomu anali kuthandiza adani athu. Makampani a ku France anayamba kumangira boma la tsankho la South Africa sitesheni ya Koeberg, pafupi ndi Cape Town, mu 1976, caka ca mwazi wa ana a ku Soweto. Omenyera ufulu a ANC anaiphulitsa ndi mabomba mu December 1982 isanayatsidwe, koma inayamba kugwira nchito mu 1984, ndipo kufikira lero ndiyo sitesheni yokha ya atomu yopereka magetsi mu Africa. Ku Namibia kampani ya ku Britain ya Rio Tinto-Zinc inatsegula mgodi wa Rössing mu 1976, ngakhale kuti United Nations inali italetsa mu 1974 kukumba cuma ca dzikolo popanda cilolezo cake. Britain anapitiriza kugula yureniyamuyo. Mu March 1993 a de Klerk anaulula kuti dziko lao linapanga mabomba asanu ndi limodzi, ndi kuti linali litawaphwasula.

Nanga malondawa ali pati masiku ano? Pa dziko lonse pali ng'anjo zoposa 400 m'maiko opitirira 30, ndipo zimapereka pafupifupi magawo 9 pa 100 a magetsi onse. M'caka ca 1996 zinali kupereka magawo 17, kusonyeza kuti njira zina zakula mofulumira kuziposa. America ali ndi ng'anjo zoposa 90. France amatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi ake kumeneko. Ngozi za ku Chernobyl mu 1986 ndi ku Fukushima mu 2011 zinaopsa anthu kwambiri, kotero kuti Germany anazima ng'anjo zake zitatu zotsiriza mu April 2023. Komabe kutha kwa caka comweco, pa msonkhano wa za nyengo ku Dubai, maiko oposa 20 analonjeza kuculukitsa katatu magetsi a atomu pofika 2050, cifukwa satulutsa utsi wotenthetsa dziko.

Cimene cagwetsa maiko a azungu pa malondawa, monga ndikuonera ine, ndi mtengo ndi kucedwa, kuposa mantha. France anayamba kumanga ng'anjo yatsopano ku Flamanville mu 2007, koma magetsi ake analowa m'mawaya mu December 2024. Ya ku Olkiluoto ku Finland inayambidwa mu 2005 niyamba nchito yeniyeni mu 2023. Ng'anjo ziwiri za ku Vogtle ku America zinadya ndalama zoposa madola 30 biliyoni, ndipo kampani yochuka ya Westinghouse inagwa ndi nkhongole mu 2017 nchitoyo ili mkati. Pa nthawi yomweyo China wamanga ng'anjo zoposa 50 kwao ndipo akumanga zambiri kuposa dziko lina lililonse. South Korea anadabwitsa onse mu 2009 pamene anapambana mpikisano womangira United Arab Emirates ng'anjo zinai ku Barakah, ndipo yotsiriza inayamba nchito mu 2024.

Koma wogulitsa wamkulu kunja kwa malire ake ndi Russia, kupyolera m'kampani ya boma ya Rosatom. Njira yake ndi yoti tiilingalire mofatsa, cifukwa ndiyo imafika pakhomo pa maiko osauka. Kampani ya ku America kapena ya ku France imafuna kuti wogula apeze yekha gawo lalikulu la ndalama. Russia amabwera ndi zonse m'thumba limodzi: nkhongole ya boma lake, amisiri, maphunziro a acinyamata a dziko logulalo ku masukulu a ku Russia, nkhuni za zaka zonse, ndipo nthawi zina lonjezo lakuti adzatenga nkhuni zakutha kubwerera nazo kwao. Egypt analonjezedwa nkhongole ya madola 25 biliyoni yomangira ng'anjo zinai ku El Dabaa, ndipo nchito inayamba mu 2022. Bangladesh anakongola madola oposa 11 biliyoni pa sitesheni ya Rooppur. Hungary, ngakhale ali m'bungwe la European Union, anasaina mu 2014 nkhongole ya mayuro 10 biliyoni. Ku Turkey zinafika pena. Pa pangano la 2010, sitesheni ya Akkuyu ikumangidwa ndi ndalama za Russia, mwini wake ndi kampani ya Russia, ndipo Turkey analonjeza kugula gawo la magetsi ake pa mtengo woikika kwa zaka 15. Kwathu tingati ndi mkamwini amene wamanga nkhokwe pa mudzi wa apongozi, cimanga ndi makiyi zonse zili zake. Ndipo Turkey ndi membala wa NATO, gulu lankhondo lopikisana ndi Russia.

Tawerengani zaka zake. Kumanga kumatenga pafupifupi zaka khumi, ng'anjo za masiku ano zimapangidwa kuti zigwire nchito zaka 60, ndipo kuziphwasula zikakalamba kumatenganso zaka makumi angapo. Pa nthawi yonseyi nkhuni ziyenera kukhala za mpangidwe wolowa m'ng'anjo imeneyo, masipeya ndi a fakitale yomweyo, ndipo akatswiri anaphunzira m'cinenero ca wogulitsa. M'zaka za m'ma 1970 kopaletivi ya kwathu inalandira thirakitala yocokera ku dziko lina la ku Ulaya. Inalima bwino nyengo ziwiri. Kacitsulo kena katathyoka, makaniko anayenda m'masitolo onse a ku boma osakapeza, cifukwa ka mathirakitala a mtundu wina sikanali kulowa. Inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Ife tinangobwerera ku ng'ombe ndi makasu, koma dziko limene laika gawo lalikulu la magetsi ake pa ng'anjo imodzi lilibe ng'ombe zobwererako.

Nkhondo ya ku Ukraine inaonetsa poyera kulimba kwa cingwe cimeneci. Mu March 2022 asilikali a Russia analanda sitesheni ya Zaporizhzhia, yaikulu kopambana mu Ulaya. Maiko a azungu anaikira Russia ziletso pa malasha, mafuta ndi mabanki, koma pa nkhuni za atomu anazengereza, popeza ng'anjo zambiri za kum'mawa kwa Ulaya ndi za mpangidwe wa Soviet. Finland anathetsa pangano lake lomanga sitesheni ndi Rosatom mu May 2022, cifukwa ng'anjoyo inali isanaime. America weniweniyo anali kugula kwa Russia pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a yureniyamu woyenga wa ng'anjo zake. Lamulo loletsa malondawo linasainidwa mu May 2024, komabe linasiya mpata wopitiriza kugula mwa cilolezo capadera kufikira kutha kwa 2027. Ngati dziko lolemera cotero lifuna zaka zingapo kuti limasuke, nanga ife tingafune zingati?

Musaganize kuti ogulitsa enawo amabwera manja okhaokha. America sagulitsa ng'anjo kwa dziko limene silinasaine naye pangano lapadera loperekedwa ku Nyumba ya Malamulo ya kwao, ndipo mu 2009 United Arab Emirates analumbira m'pangano lotero kuti sadzayenga yureniyamu pa nthaka yake. Britain analandira ndalama za China pa sitesheni ya Hinkley Point, koma ubale utazirala anacotsa kampani ya China pa nchito ya ku Sizewell mu 2022. Czech Republic anakaniza Russia ndi China kupikisana nawo pa ng'anjo zake zatsopano mu 2021, nasankha South Korea mu 2024. Poland anasankha Westinghouse mu 2022, ndipo palibe anadabwa, pakuti Poland amadalira America pa citetezo cake.

Ena amati popeza tili ndi yureniyamu m'nthaka yathu, ku Siavonga ndi ku Lumwana, ndiye kuti tili kale pakati pa ulendo. Ndikanakonda zikanakhala tero. Niger wakhala akukumba yureniyamu ku Arlit kuyambira 1971, wambiri wopita ku France, koma anthu ake ambiri akali kugona mumdima. Asilikali atalanda boma mu July 2023 anakangana ndi France, nalanda cilolezo ca kampani ya Orano pa mgodi wa Imouraren mu 2024, ndipo mu 2025 analengeza kuti mgodi wa Somaïr ukhala wa boma. Kazakhstan amakumba pafupifupi magawo 40 pa 100 a yureniyamu wa dziko lonse, koma nayenso, pofuna sitesheni yake, wacita kuitana Rosatom. Mtapo ndi gawo laling'ono la mtengo wa magetsi a atomu. Phindu ndi mphamvu zili kwa woyenga ndi womanga, monga momwe tinaonera ndi mkuwa wathu, umene timatumiza kunja nkugulanso waya wake.

Zambia anasaina pangano la mgwirizano pa za atomu ndi Russia mu 2016. Mu May 2018 panasainidwanso pangano lomanga malo a maphunziro ndi kafukufuku ku Chongwe, okhala ndi ng'anjo yaing'ono ya mamegawati 10, ndipo acinyamata athu anatumizidwa kukaphunzira ku Russia. Cilala ca 2024 cinapeza ng'anjoyo isanamangidwe. Ng'anjo yotere si yopereka magetsi ai. Nchito yake ndi kupanga mankhwala opimira ndi kucizira khansa, kuthandiza pa kafukufuku wa mbeu ndi kuphunzitsa akatswiri. Pa zimenezi ine ndilibe cotsutsa. Njira ya ceza ca atomu ndiyo inathetsa nchenche zofalitsa matenda a kaodzera pa cisumbu ca Unguja ku Zanzibar mu 1997, ndipo mlimi aliyense wa ng'ombe wa kufupi ndi cigwa ca Luangwa adziwa kufunika kwa nkhani imeneyo.

Sitesheni yaikulu ya magetsi ndi nkhani ina. Kusowa kwathu ndi kweniweni. Gawo lalikulu la magetsi athu limadalira madzi, ndipo mu September 2024 madera ambiri anali kukhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Zigayo zinaima, amai anabwerera ku mtondo, ndipo makala anakwera mtengo mitengo nkumatha m'mapiri. Munthu amene anaona zimenezi sangaseke mnzake wofuna magetsi osadalira mvula. Koma masamu ake ndi ouma. M'caka ca 2024 masitesheni onse a mu Zambia pamodzi sanali kukwana mamegawati 4,000, pamene ng'anjo imodzi ya mtundu wa ku El Dabaa ndi ya mamegawati 1,200. Akatswiri amalangiza kuti makina amodzi asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi a dziko, cifukwa tsiku limene azima mwadzidzidzi angagwetse mawaya onse. Nkhongole ya Egypt ija ikuyandikira cuma conse cimene Zambia amapanga pa caka cathunthu, ndipo ife tinalephera kubweza nkhongole zathu mu November 2020. Pali ng'anjo zazing'ono zatsopano zimene makampani akulonjeza, koma zogwira nchito ndi zowerengeka, ku Russia ndi ku China. Kwa ine, m'zaka zikubwerazi, ndalama zathu zocepa zingagule magetsi ambiri ndi msanga pa dzuwa, ndi pa mawaya otilumikiza ndi Tanzania ndi anansi ena, kusiyana ndi pa atomu. Ana athu apitirize kuphunzira nzeruzo, ndipo aphunzire m'maiko osiyanasiyana, kuti tsiku lokambirana likadzafika padzakhale a kwathu otha kuwerenga pepala la wogulitsa aliyense ndi kulitsutsa.

Pali phunziro limodzi la ku South Africa loyenera kulidziwa. Mu 2014 boma la a Zuma linasaina pangano ndi Russia, pokonzekera masitesheni atsopano a mamegawati 9,600. Amai awiri, a Makoma Lekalakala ndi a Liz McDaid, pamodzi ndi mabungwe ao, anatengera nkhaniyi ku bwalo la milandu. Mu April 2017 bwalo lalikulu la ku Cape Town linafafaniza panganolo, cifukwa silinavomerezedwe ndi Nyumba ya Malamulo monga lamulo lifunira, ndiponso anthu sanafunsidwe maganizo ao. Nkhuni zakutha za ng'anjo zimakhala zoopsa kwa zaka zikwi zambiri, kotero kuti Finland wacita kukumba manda ake m'thanthwe, mamita oposa 400 pansi pa nthaka. Mapangano athu a 2016 ndi 2018 ndikanakonda aphungu a kwathu atadzatiwerengera pa msonkhano wa pabwalo, m'Cinyanja, mafumu ali pomwepo, makamaka ndime yonena za amene adzasunga phulusalo ndi dera limene lidzakwiriridwe.